Kuti makompyuta azipeza okha printa akangoyatsidwa

Achimwene, mwati mu ofesi yanu ku Zomba muli seva ya Windows, ndipo mwatopa kuyenda desiki ndi desiki kulumikiza printa. Njira yake ndi Group Policy, chida cha Windows chotumizira malamulo ku makompyuta ambiri kuchokera pa seva, bola makompyuta onse akhale mu domain, kutanthauza gulu la makompyuta loyang'aniridwa ndi seva.

Choyamba, ipatseni printayo IP (nambala yake ya pa netiweki) yosasintha. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta imatha kuipatsa nambala ina, seva n'kumaifuna osaipeza.

Kenako pa seva ikani Print and Document Services, mutsegule Print Management, muonjezere printayo n'kuichita Share ndi dzina lalifupi.

Mukatero dinani batani lakumanja la mausi pa printayo, musankhe Deploy with Group Policy. Mukasankha per machine, aliyense wokhala pa kompyutayo aipeza, zomwe n'zoyenera labu ya sukulu. Per user imatsata munthuyo kulikonse kumene walowera.

Pamene ambiri amakakamira ndi pa driver, pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhulana ndi printa. Kuyambira mu Ogasiti 2021, chifukwa cha vuto la chitetezo lotchedwa PrintNightmare, Microsoft inakhwimitsa zinthu moti munthu wamba sangaike driver yochokera pa seva popanda administrator. Ikiranitu driver pa kompyuta iliyonse, kapena mugwiritse ntchito driver ya mtundu wa Type 4. Ena amangozimitsa chitetezocho, koma ine sindingakulangizeni zimenezo.

Mu GPO (mndandanda wa malamulo a Group Policy) yomwe mwaikamo printayo yatsaninso Always wait for the network at computer startup and logon, makamaka ngati netiweki yanu imachedwa kudzuka m'mawa.

Pomaliza, pa kompyuta yofunika printayo lembani gpupdate /force mu Command Prompt, muizimitse n'kuiyatsanso. Printa ikapanda kuoneka, gpresult /r ikuuzani ngati GPO yafika.