Mmene Mungatumizire Ndalama kwa Mbale Wanu Amene Ali Kunja kwa Dziko

Mabanja ambiri a ku Chikwawa ndi ku Nsanje anazolowera kulandira ndalama kuchokera kwa ana awo a ku Joni, koma nthawi zina zinthu zimatembenuka. Mwana amene ali pasukulu ku South Africa akufuna fizi, kapena mlongo wanu wokwatiwa ku Mutarara ku Mozambique wagonekedwa m'chipatala ndipo maso ali pa inu. Kutumiza n'kovutirapo kusiyana ndi kulandira, chifukwa ndalama zakunja zikusowa m'dziko muno ndipo kutuluka kwake kumayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Choyamba, musanakwere kabaza kapena minibasi kupita ku Nchalo, ku Ngabu kapena kuboma ku Nsanje, funsani ngati malo amene mukupitawo amatumiza ndalama kunja. Mayina monga Mukuru, Western Union ndi MoneyGram ndi odziwika kwathu kuno makamaka chifukwa cholandirirako ndalama, ndipo si kauntala iliyonse yolipira anthu imene imatumizanso. Chimodzimodzinso ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wa pamsika: ntchito yake yaikulu ndi ya ndalama za m'dziko momwe muno.

Mukapeza malo oyenera, tengani chiphaso chanu cha unzika pamodzi ndi umboni wa chifukwa chimene mukutumizira. Ngati ndi fizi, mutenge kalata ya kusukulu yosonyeza ndalama zofunika ndi nambala ya akaunti ya sukuluyo. Ngati ndi matenda, mutenge bilu ya kuchipatala. Fizi ndi bwino kuilipira kudzera kubanki kuti ipite mwachindunji ku akaunti ya sukulu, ngakhale kuti mungadikire kwa kanthawi banki isanapeze ndalama zakunjazo. N'chifukwa chake ndikukulangizani kuyamba msanga, mukangogulitsa thonje kapena ng'ombe, osati teremu itatsala pang'ono kutsegulidwa.

Nkhani yaikulu yagona pa mtengo. Anthu ambiri amangofunsa kuti, "Mudula zingati?" n'kuthamangira kumene atchula ndalama yochepa, osadziwa kuti phindu lina la kampani labisala mu mtengo wosinthira kwacha. Tiyerekeze kuti muli ndi K200,000. Kampani yoyamba ikudula K5,000 koma ikugulitsa randi imodzi pa K105, choncho mbale wanu alandira pafupifupi R1,857. Yachiwiri ikudula K10,000 koma randi ili pa K98, ndipo iye alandira pafupifupi R1,938. Imene imaoneka yodula ndiyo yafikitsa zambiri. Funso loyenera kufunsa pakauntala ndi lakuti, "Ndikapereka ndalama izi, wolandira agwira zingati m'manja mwake?" Mulembe yankholo papepala, mufunsenso malo ena tsiku lomwelo, popeza mitengo yosinthira imasintha. Aliyense amene anaona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti mtengo wa dzulo sungadaliridwe lero. Funsaninso ngati wolandirayo adzadulidwa kena kake potapa, makamaka ngati ndalamazo zikulowa pafoni, monga pa M-Pesa ku Mozambique. Komanso kutumiza kamodzi ndalama zochuluka nthawi zambiri kumatchipa kuposa kutumiza pang'onopang'ono sabata iliyonse.

Kwa anthu a kufupi ndi malire a ku Marka, chiyeso chimakhala chosintha kwacha kukhala metikali, ndalama ya ku Mozambique, kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, n'kupatsira munthu wodutsa kuti akapereke tsidya linalo. Njira imeneyi ndi yachangu ndithu, koma kusinthitsa ndalama kwa munthu wopanda chilolezo n'kosemphana ndi malamulo, mukhoza kupatsidwa ndalama zachinyengo, ndipo wopatsiridwayo akasowa simukhala ndi pepala lililonse lopita nalo kupolisi. Samalaninso ndi uthenga wa pa WhatsApp wochokera pa nambala yachilendo wonena kuti mbale wanu wamangidwa kapena wachita ngozi. Muimbireni foni pa nambala imene mukuidziwa, mumve mawu ake, musanatulutse ngakhale tambala.

Polemba fomu, dzina la wolandira lifanane ndendende ndi lomwe lili pa pasipoti kapena chiphaso chake. Ngati kumudzi mumamutchula Nachisale pomwe chiphaso chikunena dzina lina, lembani la pachiphaso, chifukwa kusiyana kwa chilembo chimodzi kungachititse kuti abwezedwe pakauntala. Mukalipira mudzapatsidwa lisiti yokhala ndi nambala yotengera ndalamazo. Ya Western Union imakhala ya manambala 10 ndipo ya MoneyGram imakhala ya manambala 8. Nambalayo muuze wolandira yekha, osati kuijambula n'kuiponya pagulu la abale.

Lisitiyo muisunge m'pulasitiki pamalo pouma mpaka mbale wanu atatsimikiza kuti walandira zonse. Ngati nthawi imene anakuuzani yadutsa ndalama zisanafike, bwererani nayo kumene munatumizira pamodzi ndi chiphaso chanu, ndipo mupemphe kuti dandaulo lanu lilembedwe. Akalephera kukuthandizani, nkhaniyo mukhoza kuipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imalandira madandaulo okhudza mabanki ndi makampani otumiza ndalama amene inawapatsa chilolezo.