Kusintha heater core pa galimoto yakale

Mukaona kapeti ya mbali ya pasenja ikunyowa, galasi lakutsogolo likuchita nkhungu yonanda mkati, madzi a mu radiator nawo akutha osaona podontha, dziwani kuti heater core yabooka. Ndi karadiator kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, kamene kamatenthetsa mpweya wolowa m'galimoto.

Amakaniko ambiri amangolumikiza mapaipi ake awiri n'kuidumpha. Galimoto imayenda ndithu, koma m'mawa wa June ndi July kuno ku Lilongwe muzidzapukuta galasi ndi nsanza njira yonse.

Kuti musinthe heater core, dikirani injini izizire. Chotsani waya wa negetivu pa batire, mudikire mphindi 10 musanakhudze mapulagi achikasu, amenewo ndi a airbag. Khuthulani madzi a mu radiator, kenako masulani mapaipi awiri olowa mkati kuchokera ku injini. Akakakamira, achekeni ndi mpeni, osawapotokola. Pomasula dashibodi muzijambula ndi foni, maboti muziika m'timapepala tosiyana. Pa galimoto zambiri gasi wa AC amayenera kuchotsedwa kaye.

Mukagula heater core yakale ku Biwi, osangoikhulupirira. Tsekani kamwa limodzi, ipopeni mpweya pang'ono ili m'beseni la madzi. Ikatulutsa thovu, ibwezeni. Siponji yozungulira m'mbali ikhale yatsopano, apo ayi mpweya uzidutsa pambali osatentha.

Mukaiika n'kulumikiza mapaipi, thirani mu radiator coolant (mankhwala oziziritsa injini) theka ndi madzi a distilled (osefedwa, opanda mchere) theka. Madzi a pa mjigo ndiwo amadya heater core ndi dzimbiri. Lizani injini, heater ili pa hot, chotsekera cha radiator chili chotsegula, mpaka thovu lithe, kenako onjezerani n'kutseka.