Mmene mungafufuzire mbiri ya Richfield Coliseum, holo ya masewera ya ku America yomwe pano yangosanduka thengo

Musayambe ndi mavidiyo a magemu ayi, yambani ndi mapu. Tsegulani Google Earth, lembani Richfield, Ohio, muyang'ane pomwe msewu wa Route 303 wakumana ndi I-271. Mupezapo udzu basi. Ndiye dinani kabatani ka zithunzi zakale kaja muzibwerera mmbuyo, mukapeza chithunzi chojambulidwa 1999 isanafike muona chiholo chachikulu chili phwii pakati pa chimalo choimika magalimoto, kumbali konse mitengo ndi minda, tauni palibe. Nkhani yonse ya holoyi yagona pamenepo.

Nick Mileti, yemwe panthawiyo anali mwini wa timu ya basketball ya Cleveland Cavaliers, anaimanga pakati pa Cleveland ndi Akron poganiza kuti azikolola anthu a mizinda yonse iwiri. Inatsegulidwa pa 26 October 1974 ndi konsati ya Frank Sinatra ndipo pa gemu pankalowa anthu opitilira 20,000.

Posaka pa intaneti musangolemba Coliseum yekha, akubweretserani ya ku Los Angeles kapena zakale za ku Rome zija mpaka mutatopa. Muzilemba Richfield komanso deti. Madeti awiri oyambira ndi awa: 24 March 1975, tsiku lomwe Muhammad Ali anamenyana ndi Chuck Wepner, Ali mpaka anagwa mu raundi 9 koma anapambanabe mu raundi 15, ndi 7 May 1989 pomwe Michael Jordan anaponya mpira wopambanitsa gemu nthawi ikutha Craig Ehlo wa Cavaliers akumutchinga, Cavaliers nkutuluka mu mpikisano. Zonsezi pa YouTube zilipo. Koma poonera musamangoyang'ana osewera, imitsani vidiyo kamera ikaloza mmwamba muone komwe anaika timazipinda ta anthu andalama, kudenga kwenikweni, munthu walipira zambiri koma gemu akuionera patali kuposa aliyense. Kaya anaganiza bwanji pamenepa abale.

Kenako pitani ku manyuzi akale, Plain Dealer ya ku Cleveland ndi Akron Beacon Journal. Muzisaka nyuzi ya mawa lake la chochitikacho, osati ya tsiku lomwelo, ndipo za miyezi yozizira musazilumphe chifukwa chipale chofewa chikagwa misewu yopita kumeneko inkadzadza magalimoto osasuntha, anthu ankadandaula nazo heve.

Mu 1994 Cavaliers inasamukira ku Gund Arena mkati mwa Cleveland, holoyi itangotha zaka 20 zokha. Inakhala yotseka mpaka anaigwetsa mu 1999, malowo nkuwapereka ku paki ya Cuyahoga Valley. Pano kumapita anthu oonera mbalame, amakafunafuna mbalame zotchedwa bobolink muudzu muja, ndiye zithunzi za malowa mmene alili lero muzipeza msanga mmagulu awo kusiyana ndi mmagulu a basketball.