Kusintha koleji ku America pofuna kuphunzira bwino luso lolemba

Ndinachoka pa koleji yanga yoyamba nditangotha chaka. Kalasi ya zolemba nthano inalipo imodzi yokha, yodzaza thothotho, ndipo nkhani yomwe ndinaichezera usiku kwa masabata atatu inabwerera ndi mawu awiri okha kumunsi. Zinandiwawa.

Musanalembere kwina, funsani kuti mu workshop, kalasi yomwe ophunzira amakambirana zolemba zawo, mumakhala anthu angati komanso amaphunzitsa ndani. Dzina lisakukopeni. Iowa Writers' Workshop, yomwe inayamba mu 1936, ndi ya anthu omwe ali kale ndi digiri. Amene akufuna digiri yoyamba ku University of Iowa amalowa pulogalamu ina, ya English and Creative Writing.

Sungani silabasi ya kosi iliyonse yomwe mwamaliza. Koleji yatsopano imafuna kuona zimenezi isanavomere makirediti anu (mapointi a makosi omwe munakhoza), ndipo kosi yomwe munapeza giredi yochepera C nthawi zambiri saiwerengera. Ine ndinabwereza kosi imodzi chifukwa pepala lake ndinalitaya.

Ngati muli pa viza ya ophunzira ya F-1, mukangolandiridwa pitani ku ofesi ya ophunzira akunja ya pa koleji yomwe mukuchokayo kuti asamutse mbiri yanu ya mu SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja), koleji yatsopanoyo ikupatseni I-20 ina (fomu yotsimikizira kuti mwalandiridwa pa kolejiyo).