Kusankha saizi ya tayala la njinga yakapalasa

Achimwene, mwafunsa ngati njinga yonyamulira mbatatesi ku Tsangano ikufunika matayala a 26 kapena a 28. Chitani motere.

Choyamba werengani manambala olembedwa m'mbali mwa tayala lakale. Mupeza monga 28 x 1½, pambali pake 40-635. Nambala ya 40 ndi kunenepa kwa tayala, 635 ndi kukula kwa limu (chitsulo chozungulira chomwe tayala limavekedwapo) m'mamilimita, ndipo imeneyi ndiyo musaiphonye. Ambiri amataya ndalama pomwepa. Pali 28 wina, wotchedwanso 700C, wa limu ya 622, ndipo ameneyu salowa pa limu ya 635 ngakhale mulimbane naye motani. Nawo a 26 si amodzi: 559 ndi wa njinga zamagiya zambiri, 590 ndi wa 26 x 1⅜.

Kenako ganizirani njira yomwe mumayenda. Pa tala wa M1, kuchoka pa Lizulu kupita ku boma, 28 amathamanga mosatopetsa. Koma m'matope ndi m'miyala ya ku Tsangano ine ndingasankhe 26 x 1.95 wazigoba, wa limu ya 559 uja, chifukwa amagwira pansi, komanso masipokosi ake ndi aafupi, motero wilo silipindika msanga ndi katundu.

Dziwani kuti kusintha saizi ya wilo n'kusintha njinga. Mukaika 26 pa felemu ya 28, mabuleki safika pa limu, ndipo pamtsetse muli ndi matumba kumbuyo imeneyo ndi ngozi.

Pokagula tengani tayala lakale, chubu ikhale ya saizi yomweyo, ndipo onani kuti tayala lonenepa silikukhula madigadi.