Mafuta na maufa a Ayurveda opaka m'tsitsi: zimene kapepala kakamba, na zimene kanasiya

Kapepala kamene kamabwela m'katoni ya mafuta na maufa a tsitsi ocokela ku India kali m'Cizungu na m'Cihindi, ndiye eni shopu ina ku Kamwala ananipempha kuti nikaike m'Cinyanja, cifukwa ati makasitomala ambili amagula cabe poona cithunzi ca mkazi wa tsitsi lofika m'ciuno, akafika kunyumba sadziwa poyambila. Zina nalemba mmene zilili pa kapepala, zina ni zanga. Amene anakalemba anali kuganizila tsitsi loongoka la ku Gujarat olo ku Kerala, osati lathu lopotana ili limene limagwila ciliconse cimene mwaikamo osafuna kucisiya.

Tiyambe na mau ali pa botolo. Mukaona taila, thailam olo tel, onsewo ni mafuta. Churna ni ufa. Til ni citowe. Manje pali cinthu cimene anthu ambili samvetsa: botolo lolembedwa kuti amla oil sikuti anafinya cipatso ca amla n'kutulutsa mafuta monga mmene timacitila na nsatsi, iyai. Amatenga mafuta ena, a citowe olo a kokonati, n'kuphikilamo zitsamba mpaka madzi onse atauma. Ndiye tembenuzani botolo muwelenge kumbuyo. Ena ali na mineral oil olo light liquid paraffin, amene ni mtundu umodzi na mafuta odzoza makanda. Si poizoni, amawalitsa tsitsi bwino-bwino, koma amakhala pamwamba cabe, pamene a kokonati amaloweleladi m'kati mwa tsitsi. Mtengo ukhale wolingana na zimene zili m'botolo.

Amla ni kacipatso kobiliwila kozungulila, kowawasa kuposa bwemba. Bhringraj ni kacitsamba ka maluwa oyela komela m'malo a cinyontho, kwao amakapatsa ulemu wakuti mfumu ya tsitsi. Brahmi ni dzina lovutako cifukwa zomela ziwili zosiyana zimagulitsidwa na dzina limodzi lomwelo. Neem mumaidziwa kale, mitengo yake ili m'makomboni mwathu muno. Hibiscus wa pa paketi ni duwa lofiila lija la pa lubanza, osati lumanda wa ndiwo, musakathyole kumunda.

Kapepala kakamba kuti: "Mafuta awa amaziziliza mutu ndi kucepetsa pitta." Apa n'nakhala nthawi yaitali nili cete na cholembela. Mu Ayurveda, kacilitsidwe kakale ka ku India, amakhulupilila kuti thupi limayendetsedwa na zinthu zitatu, vata, pitta na kapha, ndipo pitta ni ya moto, ikaculuka ati tsitsi limathothoka na imvi zimabwela msanga. Tilibe liwu limodzi la zimenezi, ndipo kukamba kuti "kutentha thupi" kungasoceletse munthu aganize za malungo. Nalisiya liwu lao mmene lilili. Mungodziwa kuti ni cikhulupililo ca kacilitsidwe kao kakale, si cinthu cimene ku kiliniki angakupimeni n'kupeza. Pa kaganizidwe komweko mafuta a kokonati amawaika pa ozizila, a citowe pa ofunditsa.

Musanapake kumutu konse, yesani. Kapepala kanalemba mzele umodzi cabe pa nkhaniyi, ine niwonjezela. Pakani pang'ono kuseli kwa khutu olo m'kati mwa mkono, musiye maola 48. Pakafiila, pakanyeleza, pakatuluka tuzilonda, basi mankhwalawo si anu, mupatseni wina. Liwu lakuti "zacilengedwe" lisakugonekeni tulo, citedze naco ni cacilengedwe.

Kapakidwe kake: "Thilani masupuni awili kapena atatu m'kambale. Funditsani pang'ono. Pakani pa khungu la kumutu ndi nsonga za zala, mozungulilazungulila, kwa mamineti 10." Kufunditsa kwake musaike mafuta pa mbaula olo pa stovu mwacindunji, ikani kambale m'mbale ya madzi otentha, ndiye yesani dontho pa dzanja monga muyesela mkaka wa mwana. M'nyengo yozizila, June na July, mafuta a kokonati amalimba n'kuyela m'botolo, anthu amabweza ku shopu ati aonongeka, sanaonongeke, amalimba okha kukazizila kufika pansi pa madigili 24, muike botolo m'madzi ofunda asungunuka. Kusisita mutu kumeneku kwao amati champi, ndipo liwu la shampu imene tonse timagula linacokela ku Cihindi komweko. Nsonga za zala, osati zikhadabo, makamaka imwe a manelo oikilila.

Cimene kapepala sikanakambe ni cakuti tsitsi lathu mufunika kuligawa. Pasulani mizele inayi olo isanu na umodzi, pakani mzele na mzele, zotsala m'manja mupake kumapeto kwa tsitsi kumene kumaduka kwambili. Ndiponso mafuta si madzi. Mukapaka pa tsitsi louma gwa, mungolitsekela kuuma kwake m'kati, ndiye yambani mwaliwaza tumadzi.

Akuti musiye ola limodzi olo usiku wonse, ndiye musambe. Mau akuti musambe niwabwelezenso, cifukwa ise tinazolowela mafuta odzola n'kuyenda nawo wiki yathunthu. Awa ambili anapangidwa kuti akhale kanthawi ndiye acoke na shampu, kamodzi olo kawili pa wiki. Fungo lake nalonso limakuuzani, ena amanunkhila mwamphamvu cakuti mu minibasi ya ku Matelo onse adzatembenuka. Mukagona nawo mangani duku yakale ndipo pa pilo muyalepo citenge cimene simucikonda, mafuta obiliwila aja amasiya banga losacoka. Ngati muli na mfundu yambili, ya mafutamafuta yonyeleza, usiku wonse iyai. Kafangasi kamene kamabweletsa mfundu yotelo kamadya mafuta, ndiye mungakhale mukukaphikila nsima. Shampu ya ketoconazole ya ku famasi iyamba, mafuta pambuyo.

Manje maufa, pamene pali nchito yeniyeni. Shikakai na reetha ni zosambila. Shikakai ni ufa wa zikhokhombe za mtengo wina waminga, reetha ni tuzipatso touma totulutsa thovu mukatuviika. Kapepala kati: "Sakanizani ufa ndi madzi ofunda kufikila utakhala phala losalala. Pakani, dikilani mamineti 20 mpaka 30, tsukani bwinobwino." Zomveka zosavuta. Ine tsiku loyamba n'natsatila ndendende, masupuni atatu a amla, awili a shikakai, phala lolimba monga la mwana woyamba kudya, n'napaka n'kukhala pa dzuwa kuti liume. Mayo ine. Linauma monga dothi lomatila nyumba, ndipo potsuka n'natha mabaketi atatu koma tumiyala twa ufa tunali tukali m'kati, masiku atatu nikugwedeza mutu tukugwela pa kolala ya bulauzi, anzanga ku nchito anaganiza kuti nayamba mfundu. Pa tsitsi loongoka ufa umatsetseleka wokha na madzi, pa lathu umabisala m'mapindo onse.

Ndiye citani izi. Sefani ufa coyamba na sefa yaing'ono ya tiyi. Phala likhale lamadzimadzi monga yogati, muthilemo supuni ya mafuta olo kondishona yanu ya masiku onse. Mukapaka valani pulasitiki kumutu kuti lisaume, ndipo musapese tsitsi lili na phala, lidzaduka mukumva. Njila imene nimakonda ine ni yosapaka phala n'komwe: viikani ufa m'madzi otentha monga tiyi, uzizile, musefe pa kansalu kopyapyala, madziwo ndiwo muthile kumutu. Amene muli na madiledi olo maluko, iyi ndiye njila yanu yokha, phala likaloŵa mu diledi silitulukanso.

Shikakai na reetha m'maso zimawawa kuposa sopo iliyonse imene munaonapo. Weramitsani mutu cam'mbuyo, osati kutsogolo, ndipo zikaloŵa tsukani na madzi ambili oyela. Potsegula paketi musanunkhize, mudzayetsemula mpaka misozi, ndipo amene muli na asima mutsegulile panja. Thovu lake ni locepa, musaonjezele ufa poganiza kuti sizigwila nchito. Zimaumitsa tsitsi lathu, ndiye kawili pa mwezi ni zokwana, ndipo kondishona pambuyo pake musadumphe.

Methi yekha ndiye nimamuyamikila popanda mantha. Ni tunjele tacikasu tumene amwenye amaikanso m'ndiwo. Viikani masupuni awili m'kapu ya madzi usiku wonse, m'mawa mupeza madzi atelela monga delele, ndipo kutelela kumeneko kumamasula tsitsi lomangana bwino maningi. Sefani, njele zisapite kumutu. Fungo limakhalako masiku angapo. Zotsala ikani mu fuliji ndipo pakapita masiku awili olo atatu tayani, zimasasa msanga makamaka mu October.

Henna, imene ena amalemba mehndi, ni utoto, olo paketi ikambe kuti ni yolimbitsa tsitsi. Yeniyeni ni ufa wobiliwila wonunkhila monga udzu wouma, ndipo mtundu umene imapatsa ni umodzi cabe, wofiilila. Pa tsitsi lakuda suoneka kwambili koma pa imvi umaoneka monga waya wa kopa, ndipo sucoka, mumayembekeza tsitsi likule mudule. Ofuna zakuda amapaka henna coyamba, ndiye indigo pambuyo, ufa wina wa masamba wopatsa utoto wabuluu. Henna imafuna kukhala maola angapo mutasakaniza kuti utoto utuluke, indigo mukasakaniza pakani nthawi yomweyo. Valani magilavu.

Apa mvelani bwino a mai na a sisi. Paketi yolembedwa black henna, imene ilonjeza tsitsi lakuda bii m'mamineti ocepa, nthawi zambili ili na mankhwala ochedwa PPD, olembedwanso kuti p-phenylenediamine. Kwa anthu ena amatupitsa nkhope mpaka maso kutsekeka, kumutu kumacita matuza, ndipo thupi likangowakana kamodzi limawakana moyo wonse, na madayi ena a ku saluni omwe. Kutupa kukafika ku milomo olo kupuma kukavuta, thamangilani ku cipatala, musayambe kufunsa pa WhatsApp. Henna olo yeniyeni musapake makanda na ana ang'ono, kuli vuto lina la magazi lobadwa nalo lochedwa G6PD limene limapezeka kwambili pakati pa ife anthu akuda, ndipo henna ingaphwanye magazi a mwana wotelo. Amene mwaika relaxer, khungu la kumutu limakhala lopsa olo simukuona, yembekezani mawiki awili musanaike ufa uliwonse, ndipo yesani pa tsitsi lotsala m'cisakulo coyamba.

Mzele wakuti "Amameletsa tsitsi ndi kuletsa kuthothoka" naumasulila cifukwa ulipo, koma eni shopu n'nawauza kuti niikapo mau anga. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, la ku Mumbai na la ku Chipata cimodzimodzi. Cimene mafuta amathandiza ni kuti lisamaduke, ndiye utali umaoneka. Ngati m'mbali mwa mphumi mukutha cifukwa ca maluko okoka na mawigi omata, uzani okulukani afeŵetse dzanja, bhringraj sangalimbane na munthu amene akukoka tsitsi mwezi na mwezi. Amai amene mwangobeleka, kuthothoka kwa pa miyezi itatu olo inayi kumabwela kokha ndipo kumatha kokha. Mwana wa zipele kumutu afunika mankhwala akumwa a ku kiliniki, neem yopaka siifika pamene matendawo ali. Dazi loyamba mwadzidzidzi monga kandalama, olo tsitsi lothothoka pamodzi na kufooka kwa thupi, kapimitseni magazi.

"Zopaka kunja kokha. Sungani pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi ana." Pa ana nikhwimitse: mafuta a neem mwana akamwa angakomoke, ndiye musathile m'botolo la dilinki olo kusiya pafupi na saladi ya kukhichini. Ufa wa paketi yolembedwa za tsitsi musamwe olo mwamva kuti amla amadyedwa, wodya umapakilidwa padela. Paketi mukatsegula thilani ufa m'botolo lotseka bwino, cifukwa mvula ikayamba mu November umakoka cinyontho n'kuumbika, ndipo ukacita nkhungu olo kusintha fungo ni wotaya. Deti pa mapaketi a ku India nthawi zambili amalemba tsiku lopangidwa, Mfg, ndiye pansi pake amakamba kuti zikhala miyezi ingati kucokela pamenepo, 24 olo 36, muwelengele mwekha muli mu shopu momwemo musanapeleke ndalama.