Kupanga chokwezera sayileji kuchoka mdzenje osapweteka msana

Anzanga amene mukuweta ng'ombe za mkaka, makamaka kuno kumapiri kwa Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje komwe malo odyetsera anatha kalekale ndipo ng'ombe imangodyera mkhola, nkhani ya sayileji, chakudya cha ng'ombe chosungidwa mdzenje, alangizi amatiphunzitsa bwino mbali yoduladula nsenjere ndi mapesi, kuthira molasesi, kupondaponda ndi kutseka ndi pulasitiki. Koma mbali yotulutsa chakudyacho mdzenje tsiku ndi tsiku kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, imeneyo aliyense amaonera yekha. Masiku oyamba zimakhala zophweka poti sayileji ali pamwamba, ungowerama nkutapa. Ikafika Okutobala dzenje lapita pansi, dzuwa likuswa mtengo, iwe uli pansi ndi thumba lonyowa paphewa kufuna kukwera makwerero, apo mpamene umadziwa kuti sayileji ndi wolemera.

Ine ndinaterereka pamakwerero ndi thumba chaka china, nthiti zinandipweteka pafupifupi mwezi wathunthu ndipo ntchito yonse inagwera mayi akunyumba ndi mwana wathu wamkulu. Chinandiwawa kwambiri nchoti pogwapo ndinagumula dothi la mmbali mwa dzenje nkugwera pa chakudya, tinataya mawilibala angapo. Kuchoka pamenepo ndinati ayi, pakhale chokwezera.

Tiyambe tawerengera kaye kuti muone chifukwa chake. Dzenje langa ndi lakuya mamita 2, mulifupi mamita 2, mulitali mamita 3. Sayileji wopondedwa bwino amalemera makilogalamu pakati pa 500 ndi 700 pa kiyubiki mita imodzi, ndiye mdzenje ngati limeneli muli matani 7 kapena kuposerapo pang'ono. Ng'ombe yokamidwa imadya makilogalamu mwina 20 patsiku kuphatikiza madeya ndi zina, ng'ombe zitatu ndiye 60 tsiku lililonse. Matani onsewo adutse pamsana pa munthu mmodzi, komanso akukwera nawo makwerero? Kumafamu akuluakulu amagwiritsa thalakitala yokhala ndi foloko kapena chodulira kutsogolo, nchifukwa chake maenje awo amakhala otseguka mbali imodzi kuti thalakitala izilowa. Ife thalakitala tilibe, koma paipi, chingwe ndi welda wapamsika tili nazo.

Anthu ambiri amayamba aganiza za mitengo itatu yomangidwa pamwamba ngati pokumba chitsime, nkupachikapo pule, kagudumu koyendapo chingwe. Zimagwira ndithu koma vuto lake katundu akafika pamwamba amangolendewera pakati pa dzenje, umayenera kumukoka ndi dzanja uli mphepete penipeni, pomwe dothi limagumuka. Ena amagula cheni buloko ya tani imodzi kuhadiweya, ija amakanika amatulutsira injini. Mphamvu ili nayo yambiri koma imachedwa koopsa, ukoka tcheni mpaka kutopa katundu atakwera pang'ono chabe, komanso madzi a sayileji ndi owawasa, amadya chitsulo, tcheni chimachita dzimbiri msanga. Chimene ine ndinasankha ndipo ndikukulimbikitsani ndi mzati umodzi wokhala ndi mkono wozungulira ngati geti. Katundu akakwera, mumangokankha mkonowo nkupita nawo pambali pomwe pali wilibala.

Mzati ukhale paipi yachitsulo yonenepa, ya mainchesi 4, kapena bulugama wowongoka wouma bwino wosachepera masentimita 15 kunenepa kwake, wautali mamita 4. Ngati ndi mtengo, mbali yolowa pansi ipakeni oyilo wakuda wotsala mu injini chifukwa chiswe sichichedwa. Kumbani dzenje la mzati lakuya mita imodzi, ndipo apa tamverani bwino, likhale mita imodzi kapena kuposa kuchoka mphepete mwa dzenje la sayileji, pakati pa mbali yaitali ija. Mukaliyandikitsa, kulemera kwa katundu kumakankha dothi kulowera mdzenje, tsiku lina mvula itanyowetsa mudzapeza mzati wapendama khoma lagumuka. Thirani konkire wa simenti, mchenga ndi miyala, mudikire sabata yathunthu mukuthirira madzi musanapachike kalikonse. Ndikudziwa mtima umafulumira kufuna kuyesa koma dikirani. Kumbuyo kwa mzati, mbali yosiyana ndi dzenje, kokani waya wolimba kuchoka pamwamba pa mzati kukafika pa chikhomo chachitsulo chokhomedwa pansi ndi konkire, mawaya awiri otalikirana ndiye bwino kwambiri poti mkono ukamazungulira mzati umakokedwa mbali zosiyanasiyana.

Mkono ndi ntchito ya welda. Muuzeni apange ngati geti ya makona atatu: paipi ya mainchesi 2 yopingasa yaitali mamita 2, ina yoima yotsamira mzati, ina yachitatu yochirikiza kuchoka pansi pa yoimayo kukafika chakumapeto kwa yopingasa. Yochirikizayo musaisiye, ndiyo imanyamula. Apachike ndi mahinji awiri akuluakulu a geti ya mpanda, osati a chitseko cha mnyumba, ndipo ngati mzati ndi wamtengo mabawuti aboole mtengo wonse kutulukira mbali ina nkumanga ndi nati ndi washa yaikulu, misomali ayi. Mkono ukhale pamwamba mamita awiri ndi theka kuchoka pansi kuti mgolo wonyamulira sayileji ukakwera uzidutsa pamwamba pa wilibala osagunda. Kumapeto kwa mkono awotcherere ngowe yopachikapo pule. Pule gulani yachitsulo yokhala ndi beringi, kukakhala kovuta kupeza, welda wodziwa ntchito amatha kupanga ndi zitsulo zakale za galimoto, ku Ndirande zoterezi sizisowa.

Tsopano chopukusira, apa mpamene pali nzeru yonse. Ndi chimodzimodzi chija cha pachitsime: paipi yaifupi yonenepa masentimita 10 yomwe chingwe chimakulungikapo, ndi chogwirira chopindika chachitali masentimita 30. Kuchoka pakati pa paipi kufika mmbali mwake ndi masentimita 5, chogwirira ndi 30, ndiye mphamvu yanu imachulukitsidwa kasanu nkamodzi. Mgolo wa makilogalamu 40 mumaumva ngati 7 kapena 8 basi, mayi akunyumba amapukusa ndi dzanja limodzi. Kuzungulira kamodzi katundu amakwera masentimita pafupifupi 30, kuchoka pansi pa dzenje mpaka kudutsa wilibala ndi maulendo khumi okha. Mukanenepetsa paipiyo katundu amakwera msanga koma amalemera, mukaichepetsa amapepuka koma mupukusa nthawi yaitali ndipo chingwe chimapindika kwambiri nkutha msanga. Ine 10 ndinaona kuti ili bwino.

Chopukusiracho chimangidwe pa geti yomweyo, pa paipi yoima ija, pofika mchiuno, osati pa mzati kapena pansi payokha. Poyamba ine ndinachiika pa mzati, ndiye mkono ukazungulira chingwe chimapotoka nkuchoka pa pule nkukanirira mmbali, umachita kukwera kukachikonza katundu akulendewera. Chikakhala pa geti zonse zimazungulira limodzi. Pakona ya pamwamba pafupi ndi mzati ikani pule yachiwiri kuti chingwe chichoke pa chopukusira kukwera, chidutse mmunsi mwa mkono, kenako chitsikire mdzenje.

Chinthu chimodzi chimene sindingalole munthu asiye ndi chotchingira kuti chogwirira chisabwerere. Dzanja likaterereka katundu ali mmwamba, chogwirira chija chimazungulira mwaukali, chimatha kuthyola mkono kapena kugulula mano, ndipo mgolo umagwera amene ali pansi. Pezani sipuloketi yakale ya njinga yamoto, gudumu la mano lija loyendapo tcheni, za kabaza zangoti mbwee masiku ano, welda aiwotcherere kumapeto kwa paipi yopukusira, pamwamba pake aike kachitsulo kaphwatalala kogwera mmano mwake. Mukamakweza kamangolira kuti khwe khwe khwe kudumpha mano, mukasiya kamakola pompo. Potsitsa mumagwira chogwirira kaye ndi mphamvu, kenako nkutukula kachitsuloko ndi dzanja lina, osati kuyamba ndi kutukula.

Chingwe chikhale cha nayiloni cha mamilimita 12, chatsopano, osati chotsala pomangira katundu pa lole. Mamita 8 amakwana, ndipo mgolo ukafika pansi penipeni pazitsala mizere itatu yokulungika pa paipi. Chonyamulira ine ndimagwiritsa mgolo wa pulasitiki wa buluu wa malita 200 wodulidwa pakati, pulasitiki sachita dzimbiri ndipo amatsukika. Boolani malo atatu mozungulira mmunsi pang'ono mwa mlomo, mulowetse zingwe zitatu zofanana kukumana pa mphete imodzi, akakhala malo awiri okha mgolo umapendama nkukhuthula chakudya mmutu mwa munthu. Ngowe ya kumapeto kwa chingwe ikhale yotseka pakamwa. Pansi pa mgolo kunja mangani kachingwe kakafupi, kameneko mumakoka pokhuthulira mu wilibala.

Musanayambe kugwiritsa ntchito, yesani ndi matumba awiri a mchenga a makilogalamu 50, mdzenje mulibe munthu. Kwezani pang'ono chabe, siyani zilendewere, yang'anani mahinji, powotcherera ndi mzati ngati ukugwedera, kenako kwezani mpaka pamwamba nkuzungulitsa mbali zonse. Chikapirira 100 ndiye 40 wa tsiku ndi tsiku sangachivute. Koma munthu musamukweze nacho ngakhale mwana atalira bwanji kufuna kukwera mumgolo, makwerero akhalepo ndithu, omangiriridwa pamwamba. Madzulo ndimachotsa chogwirira nkukasunga mnyumba chifukwa cha ana omwewo.

Pa ntchito yeniyeni mukhale awiri, wina pansi wina pamwamba. Wapansi akadzaza ndi kukoleka ngowe achoke pansi pa mgolo, aime kukona, ndipo wapamwamba asayambe kupukusa asanamve kuti kwezani. Zikuoneka zazing'ono koma mukazolowera mpamene mumayamba kutayirira.

Palinso nkhani ya mpweya yomwe ambiri saidziwa. Sayileji akamapsa amatulutsa mpweya woipa wolemera kuposa mpweya wamba, umakhazikika pansi mdzenje ndipo wina sununkha nkomwe, munthu amangomva chizungulire nkugwa. Masabata atatu oyamba mutatseka ndiye oopsa kwambiri, mukaona kautsi kachikasu kapena kofiirira konunkha ngati jiki thawani, kameneko kamawononga mapapo. Ine sinditsegula dzenje asanathe masabata asanu ndi limodzi. Dzenje likapita pansi kuposa msinkhu wa munthu, vundukulani pulasitiki muyembekeze kaye mphepo ipite, ndipo chokwezera chomwechi chimathandiza, mumatsitsa koloboyi woyaka mumgolo wopanda kanthu monga amachitira okumba zitsime. Akazima osalowa. Akapanda kuzima sikuti basi zonse zili bwino, wapamwamba asachoke mpaka mnzake atatuluka, ndipo wapansi akagwa osadumphiramo nokha, kuwani anthu abwere.

Potapa gwiritsani foloko osati khasu, ndipo musamakumbe pakati ngati mukufukula mbatata. Vundukulani mbali imodzi yokha, muzidula molunjika kuchoka pamwamba kutsika, tsiku lililonse muchotseko pankhope yonse yomwe yakumana ndi mpweya, mukatero sayileji satentha kapena kuchita nkhungu msanga. Wabwino amaoneka wobiriwira mopita kuchikasu ndipo amanunkhira mowawasa bwino ngati thobwa logona. Wakuda, woterera, wonunkha chivundi kapena wa nkhungu yoyera mukweze ulendo wake wapadera nkukataya ku manyowa, musasakanize mumgolo umodzi ndi wabwino chifukwa ng'ombe ya bere imatha kutaya mwana ndi chakudya chowola kapena chosakanikirana ndi dothi. Apa mpomwe ndinaonera phindu lina la chokwezera lomwe sindimaliyembekeza: poti palibenso kukwerakwera ndi matumba mmbali, khoma siligumuka, nsapato zamatope zimalowa kamodzi kokha, ndiye zotaya zinachepa kwambiri. Tulutsani wa tsiku lomwelo basi, mubwezeretse pulasitiki ndi kutsamiza matumba a mchenga. Ndipo dyetsani mukamaliza kukama, osati musanakame, fungo lake limalowa mumkaka ndipo kubalking, komwe timagulitsa mkaka, akaununkhiza akhoza kukubwezani nacho chitini chonse.

Kasamalidwe kake sikovuta. Girisi pa mahinji ndi pa paipi yopukusira kamodzi pamwezi, mgolo kutsuka tsiku lililonse, chingwe muzichisisita ndi dzanja kuyang'ana pomwe chayamba kusosoka makamaka pafupi ndi ngowe, chikayamba sinthani, musalumikize ndi mfundo poti mfundo siidutsa pa pule. Dzuwa limawononga nayiloni, ndiye dzenje likatha chotsani chingwe ndi mapule mukasunge mnyumba, zitsulo zotsala mupake penti mvula isanayambe. Amene muli ndi maenje awiri, zikani mzati pakati pawo, mkono umodzi womwewo umafika konsekonse, ndipo ngati mukukumba dzenje latsopano chaka chino yambani mwaika mzati ndi mkono, dothi lokumbalo mulitulutse ndi mgolo womwewo.